Tinthambi ta Mtengo wa Jelka

Oratia, New Zealand
21 Okutobala 1984

Neva mwana wanga,

Moni kwa iwe, kwa mwamuna wako Aldo, ndi kwa kamdzukulu kanga Mirela. Ine ndilipo. Bondo ndi lomwe lija. Khutu lakumanzere lagontheratu, ndiye usamavutikenso ndi lamya. Lamulungu lija unkakuwa uli ku Australia, ine ndikungomva ngati udzudzu wotsekeredwa m'botolo. Uzilemba. Pepala silifuna khutu.

Nkhani yanga ndi imodzi ndipo sindiizungulira. Chiwawu chalowa m'munda. Nthawi ya maluwa kunali mvula ndi chifundi tsiku ndi tsiku, ndipo njuchi za Barba Stipe wa kuseri kwa mpandayu zinagwira ntchito yake bwino lomwe, kutola matenda pa duwa ili kukatula pa duwa ilo. Ndinamuuza kuti njuchi zake ndi zoyendayenda ngati mwini wake ali mnyamata. Anandiyankha kuti popanda njuchizo ndikanamakolola masamba. Sitinalankhulane mpaka Loweruka, pamene anabwera ndi vinyo kudzasewera makadi.

Mizere ya kumunsi sindikudandaula nayo, ndadulira ndipo ndatentha. Koma chagwiranso mtengo wa malemu mayi ako, wa maapozi wa pazenera la kukhitchini uja. Maluwa anada ali pamtengo. Nsonga za nthambi zapindika ngati chogwirira ambulera. Masamba apsa ngati wina anadutsa ndi muuni, koma sakuthothoka, angokakamira pomwepo. Pa khungwa pakutuluka timadontho tomata tooneka ngati uchi, ndipo akuti m'dontho limodzi muli tizilombo toposa anthu a dziko lonse lino.

Mlangizi wa boma anabwera, anakanda khungwa ndi mpeni, nkunena kuti, “Bambo Frane, mtengo wakale chonchi ungopatsira inayi. Gwetsani.” Ndinamufunsa ngati mayi ake akakhosomola amawagwetsa. Anatseka chikwama chake nkumapita.

Ndikudula mmene timachitira: kusiya mkono wathunthu kumunsi kwa bala, kuviika sizasi mu sipiriti usanadule pena, ndi kutentha zonse tsiku lomwelo. Manja anga akununkha chipatala.

Undiuze za Mirela. Akudziwako mawu athu a ku Dalmatia, kapena ndi Chitaliyana cha agogo ake aakaziwo chokhachokha?

Tata wako,
Frane


Shepparton, Australia
8 Novembala 1984

Okondedwa Tata,

Kalata yanu yafika ndipo tonse tili bwino. Mirela akaona chithunzi chanu amati “Dida,” monga timaitanira agogo aamuna kwathu, kenako amati muli ndi nsidze za kadzidzi. Sindinamuphunzitse ndine zimenezo.

Ndinamuwerengera Aldo za chiwawu tikudya. Anasiya foloko m'mbale. Mukudziwa kuti matendawa sanafikepo ku Australia kuno, ndipo amuna a m'chigwa chino amawatchula motsitsa mawu ngati akunena za maliro. Chigwa chonse ndi maapozi ndi mapeyala opita ku fakitale ya zipatso za m'zitini. Atalowa, palibe khomo lingapulumuke. Nchifukwa chake ngakhale apozi mmodzi wochokera kwanuko saloledwa kutsika pa sitima. Aldo anandiseka kuti ndikasambe m'manja ndikamaliza kuwerenga kalata yanu, ndipo ndinamugenda ndi nsalu yopukutira mbale. Apongozi anga a Assunta sanaseke. Anangojambula mtanda pachifuwa.

Tata, musakwiye ndi zimene ndinene. Zaka zanu ndi makwerero sizikugwirizananso. Mukagwa m'mundamo adzakupezani ndani? Aldo akuti kuseri kwa shedi yathu yopakira zipatso kuli chipinda chachikulu, atha kuikamo chitofu ndi zenera lina. Gulitsani malowo mubwere. Iye akufuna munthu wodziwa kumezanitsa mitengo, ndipo woposa inu sindikumudziwa.

Dzulo ndimamufotokozera Mirela za mtengowo. Ndimamuuza mmene Mama anabwerera pa sitima kuchokera kwawo ku Podgora, ku Dalmatia, kudzakwatiwa ndi mwamuna amene anangomuona pa chithunzi, atabaya tinthambi ta mtengo wa kwawo m'mbatatesi, atamata ndi phula nkusokerera m'chikhoti, ndi mmene kanthambi kamodzi kokha kanagwirira. Anandifunsa kuti apozi wake amakoma bwanji. Ndinasowa pogwira. Ndinati amayamba wawawasa, kenako amatsekemera akafika kukhosi. Sanamvetse. Ndikanakonda mwanayu akanakula ndi mtengo umenewo pazenera ngati ine. Munditumizireko chithunzi chake usanathe.

Mwana wanu,
Neva


Oratia
1 Disembala 1984

Neva,

Moni nonse kumeneko.

“Usanathe.” Ndani wakuuza kuti ukutha? Mlangizi uja anakulembera? Mtengo wadulidwa mbali imodzi basi. Ukuoneka ngati munthu wopanda mkono, ndivomera, koma mbali ya kum'mawa yagwira zipatso ndipo zikukula.

Za chipinda cha kuseri kwa shedi, umuthokoze Aldo. Mwakonza zondisanja pamodzi ndi mabokosi, eti? Ine ndinafika m'dziko lino ndevu zisanamere. Ndinakumba utomoni wa mitengo ya kauri m'madambo a kumpoto madzi ali m'chiuno, Chingerezi ndinachiphunzira pa zitini za mankhwala opopera, ndipo malo ano ndinawagula ndi msana wangawu. Sindikafera kuseri kwa shedi ya Mtaliyana, mayi ake akundiwerengera magalasi a vinyo.

Ogula sakusowa, usadandaule. Amabwera ndi nsapato zowala, amaima pageti nkumayeza munda wanga ndi maso. Munda wa mnansi wathu malemu Jure anaugula omwewo. Anazula mitengo yonse, anamanga nyumba zofanana ngati mazira, ndiye msewu wake anaupatsa dzina la apozi. Munthu kupha ng'ombe nkutcha mwana wako dzina la ng'ombeyo.

Chithunzi sinditumiza. Kamera ndilibe, ndipo chithunzi sichidyedwa. Koma zimene walemba za mwanayo ndazimva. Ine ndine wogontha khutu, osati mutu.

Pa Khirisimasi ndidzanyika bakalar monga mwa nthawi zonse, ngakhale nsomba youma yathunthu imachuluka kwa munthu mmodzi. Stipe akadyera kwa mwana wake ku tauni.

Tata


Oratia
17 Malichi 1985

Neva,

Ndikhulupirira muli moyo, poti akufa okha ndi amene salemba. Chichokereni Khirisimasi ndalandira khadi limodzi la mngelo wonenepa ndi mizere iwiri. Ngati unakwiya ndi za shedi, nena. Ine zanga ndimanena.

Stipe wagulitsa. Sanandiuze yekha, ndinaona chikwangwani pampanda. Nditamufunsa anati, “Frane, maondo atha, ana sakufuna munda, ndidikire chiyani?” Ndinamuuza kuti adikire manda ngati mwamuna. Anati, “Iwe udzafa ukukangana ndi mtengo.” Ming'oma ya njuchi anaikweza pa lole Lachiwiri. Pochoka anandisiyira makadi aja patebulo, ati iye ku tauni azikaonera wailesi ya kanema. Ndiwasewere ndi ndani, mphaka? Sindinkadziwa kuti njuchi zimachita phokoso chonchija. Masana kuno kwangoti zii.

Ndakolola. Mizere ya kumunsi yabala mwapakatikati. Mtengo wa mayi ako wapereka zochepa, koma kukoma ndi komwe kuja. Ndinatenga apozi mmodzi kukamuika pamanda ake tsiku lokumbukira imfa yake. Wansembe watsopano anandiona nkumati maluwa akanakhala bwino. Ndinamuuza kuti Jelka sankadya maluwa.

Tsopano choipa. Pa mphanda yaikulu, pamene nthambi zimasiyana ndi thunthu, ndapeza khungwa lakuda lolowa mkati, kukula ngati chikhatho. Tizilomboti timagona pamalo otere nyengo yozizira yonse, nkudzadzuka ndi maluwa. Pamenepo sungadule mkono kumunsi, chifukwa kumunsi kwake ndi mtengo weniweniwo. Ndapala, ndapaka mankhwala a kopa. Tiona.

Lemba, mwana iwe.

Tata


Shepparton
6 Epulo 1985

Tata wanga,

Pepani kwambiri. Sindinakwiye. Kuyambira Januwale takhala tikuthyola, mapeyala kenako maapozi, ine ndili pa lamba wosankhira zipatso kuyambira m'mawa, madzulo kuphikira antchito. Ndikakhala pansi kuti ndilembe ndimagona cholembera chili m'manja. A Assunta akuti akazi a ku New Zealand timatopa msanga. Ndakhala pakhomo pano zaka zonsezi koma ndidakali “wa ku New Zealand.”

Za Barba Stipe zandimvetsa chisoni. Mukudya ndi ndani Lamulungu? Pitani ku kalabu yathu ya anthu a ku Dalmatia, mukaponye mipira ndi anzanu, musamangokhala ndi mphaka.

Za bala la pa mphanda ndawerenga kawiri nkubisa kalatayo, sindinamuonetse Aldo. Ndinapita kuseri kwa shedi kukalira pang'ono. Ndimaona ngati bola mtengowo ulipo, Mama akadali pazenera kusenda mbatatesi. Kuno kuli mitengo yosawerengeka, yonse m'mizere ngati asilikali, koma palibe umodzi umene ukundidziwa.

Dzisamalireni. Musakwere makwerero kukagwa mvula.

Neva


Oratia
14 Julayi 1985

Neva,

Moni. Kalatayi ili m'thumba la juzi, ndiye ngati ukuiwerenga phukusi lafika. Ku positi ndalemba kuti ndi zovala zakale, ndipo sindiname, juzi la mayi ako lobiriwirali ndi lakale ndithu. Tsegula mkono wakumanja mosamala.

Muli mbatatesi. Ndabayamo tinthambi ta mtengo wa mayi ako, nsonga ndamata ndi phula, monga anachitira iye mwini. Ndadula mbali ya kum'mawa, pamwamba penipeni, kutali ndi bala. Ndinaviika mpeni mu sipiriti kanthambi kalikonse. Ndatiyang'ana padzuwa kamodzikamodzi ndipo ndi toyera ngati mano a mwana. Ine ndagwira mitengo moyo wanga wonse, nthambi yodwala ndimaidziwa.

Uike mu firiji, wokutira ndi nyuzipepala yonyowa, mpaka mitengo ya kumeneko iyambe kudzuka. Kenako sankha tsinde laling'ono labwino. Kadulidwe ukukadziwa, ndinakuphunzitsa usanayambe sukulu: kudula kamodzi kotsetsereka, lilime pakati, khungwa likumane ndi khungwa, manga zolimba. Kakagwira, udzaubzale pazenera la mwanayo.

Aldo usamuuze kufikira utaphuka. Amuna a kumeneko amaopa chithunzithunzi chawo chomwe. Lamulo ndikulidziwa, usandiphunzitse. Mayi ako akanamvera malamulo, iwe ukanakula osadziwa kukoma kwa apozi.

Unapempha, ndachita. Sindine munthu wa mawu okoma, ukudziwa. Mphatso yanga ndi imeneyi.

Tata


Shepparton
11 Ogasiti 1985

Tata,

Phukusi linafika. Tinthambi tonse tatenthedwa, mbatatesi ndi juzi lomwe. Ine ndinapempha chithunzi. Chonde musadzatumizenso kanthu kalikonse kochokera m'mundamo.

Tili bwino. Sindingathe kulemba zambiri pano.

Neva


Oratia
25 Ogasiti 1985

Neva,

Moni sindipereka, ndilibe.

Watentha. Mayi ako anawoloka nyanja ndi mtengo umenewo pamtima, akusanza pa sitima, osavula chikhoti ngakhale kukutentha, kuopa kuti angamulande. Iwe wauponya pamoto ngati zinyalala, pamodzi ndi juzi lake. Juzi linalakwa chiyani? Nalonso limakhosomola?

“Ndinapempha chithunzi.” Unalemba ndi dzanja lako kuti ukufuna mwanayo akule ndi mtengowo pazenera. Unalemba kuti unalira kuseri kwa shedi. Kalata zako zili pano. Kapena kumeneko anakuphunzitsa kuti misozi ndi yokometsera kalata?

Ndikudziwa mmene zinayendera. Unathamangira kwa Aldo, Aldo anathamangira kwa mayi ake, mayi ake anajambula mtanda, ndipo nonse munaima mozungulira chitofu ngati mukuwotcha mfiti. Wasanduka wa kumeneko, wakwanitsa. Auze a Assunta asiye kukutcha wa ku New Zealand, mayeso wakhoza.

Ndinakwera makwerero ndi bondo ili, mphepo ikuwomba, kukafika pa nthambi zapamwamba zija. Sindikunena kuti undimvere chisoni. Ndikunena kuti udziwe chimene watentha.

Frane


Oratia
29 Sepitembala 1985

Neva,

Palibe yankho. Chabwino.

Mtengo wachita maluwa, ambiri kuposa chaka chatha, mbali imodzi yomweyo. Mitengo imatero ikamva kuti zavuta. Njuchi zabwera zochepa, sindikudziwa za ndani.

Ku kalabu ndinapita kamodzi. Amene ndinkaponya nawo mipira theka ali kumanda, theka linalo akukamba za mapiritsi.

Mirela ali bwanji? Ameneyo sanandilakwire.

Tata


Shepparton
20 Okutobala 1985

Okondedwa Apongozi,

Ndine Aldo. Moni wochokera kwa tonse. Sindinakulemberenipo, ndipo kulemba si ntchito yanga, ndiye mundikhululukire ndikalakwitsa. Neva sakudziwa kuti ndikulemba. Kalata yanu ya Ogasiti anaiwerenga ataima, anaipinda, ndipo kuyambira pamenepo dzina lanu salitchula. Ndinaipeza m'kabati ya mbale. Chinenero chanu sindichidziwa, choncho ndinapita nayo kwa mayi wina wa kwanu amene amagulitsa buledi m'tauni. Anandimasulira theka nkukana kupitiriza.

Mwalakwitsa chinthu chimodzi, ndipo ndikufuna muchidziwe. Neva sanathamangire kwa ine. Anachita zonse zimene munamuuza. Mbatatesi anaibisa mu firiji kuseri kwa tchizi. Tsiku lina ine ndili ku msika anatenga mpeni wanga, anapita ku nazale yathu kuseri kwa shedi, nkumezanitsa kanthambi kamodzi pa tsinde laling'ono. Akusema kanthambi kachiwiri, anaona mzere wofiirira pansi pa khungwa, wopyapyala ngati ulusi. Kunja kanali koyera monga munanenera. Mkati munali mzerewo.

Nditabwera ndinamupeza atakhala pansi m'nazalemo, mpeni uli pamiyendo. Anandiuza zonse. Ndikuuzani zoona, ine ndinati tizule, titenthe mwakachetechete, pasadziwe munthu. Iye anakana. Anati, “Mpeniwu ndagwiritsa kale pa mitengo ina lero, sindikukumbuka iti. Ukufuna tidzaone maluwa a anansi athu akuda, ife tikudziwa chifukwa chake?” Anaimbira yekha anthu a boma oona za matenda a mbewu.

Anabwera atavala zoyera. Anazula nazale yonse, mitengo imene ndinkayembekezera kubzala chaka chamawa, anathira dizilo nkuyatsa. Juzi analitenga iwowo, Neva anawapempha kuti alichape, anakana. Anamanga tepi pageti pathu ndipo ankabwera kudzayendera mizere mpaka maluwa atatha. Sabata yatha atiuza kuti m'munda mwathu mulibe kanthu. Tapulumuka. Mlandu wa phukusi anaumaliza ndi chenjezo, poona kuti anadziulula yekha.

Koma chigwa chino ndi chaching'ono. Tepi ija anaiona aliyense. Ku tchalitchi benchi yathu imakhala ndi malo ambiri masiku ano. Mlimi wina amene ndinakula naye anandiuza kuti ndisalowetse thirakitala yanga m'munda mwake. Mayi anga salankhula ndi Neva, amamutumira mawu kudzera mwa Mirela: “Kawauze amayi ako mchere watha.” Neva amadzuka, amagwira ntchito, amagona. Kuno alibe wake kupatula ine, ndipo ine masabata oyamba aja sindinali munthu wabwino kukhala naye.

Nditamufunsa chifukwa chimene sanakuuzeni zonsezi, anati, “Ndiwauze kuti mtengo wa Mama wadwala mpaka kunsonga? Bola adane nane.”

Sindikukuimbani mlandu. Bambo anga anabwera ndi mpesa wa ku Calabria mu sokosi. Koma mulembereni.

Mkamwini wanu,
Aldo

Ndaiwala. Mmodzi wa anthu a boma aja, asanazule kamtengoko, anakayang'anitsitsa nkufunsa kuti anamezanitsa ndani. Anati sanaonepo mfundo yogwirana bwino chotero.


Oratia
10 Novembala 1985

Neva mwana wanga,

Moni kwa iwe, kwa Mirela, ndi kwa Aldo. Mwamuna wako anandilembera. Usamukalipire. Chingerezi chake ndi choipa kuposa changa, koma ndi munthu.

Choyamba, uwauze a Assunta mawu awa, ndipo usawachepetse powamasulira. Mbatatesi inali yanga. Mpeni unali wanga, sitampa inali yanga. Ngati akufuna wosalankhula naye, ndine ndilipo, ndazolowera. Koma mchere akaufuna apemphe kwa mwini khitchini ndi pakamwa pawo, asatume mwana. Ndipo amene akuthawa benchi yanu ku tchalitchi uwafunse kuti ndani mwa iwo akanaimba lamya ija. Ndikuwadziwa alimi. Onse akanakwirira nkumaimba nyimbo mokweza Lamulungu.

Wa boma uja akuti mfundo inali yabwino. Nanga akanati chiyani? Anakuphunzitsa ndani?

Nditawerenga kalata ya Aldo ndinatenga makwerero nkukwera mbali ya kum'mawa, pamene ndinadula tinthambi tija. Ndinasenda nthambi yooneka bwino kuposa zonse. Mzere unalipo. Ndinasenda ina, unaliponso. Maso anga anaona khungwa, iwe unaona mkati. Kalata ya Ogasiti ija uiponye m'chitofu, imeneyo ndiye yoyenera moto. Mawu okoma sindiwadziwa, ndiye utenge amenewa.

Maluwa aja anada onse patangopita masiku. Timadontho tinayamba kutsika pathunthu penipeni. Lachinayi ndaugwetsa. Sindinaitane munthu. Ndinayamba ndi nthambi, kenako thunthu, ndi sowo yamanja, chifukwa ya injini imathamanga kwambiri. Pamene mayi ako anamezanitsa panali pakuonekabe, chotupa chozungulira pafupi ndi nthaka. Ndinafuna kusunga chidutswa chimenecho pashelefu. Ndinachigwira, ndinachitembenuza, kenako ndinachiponya pamoto ndi zinzake. Ndaphunzira. Chitsa ndachikumba Lachisanu ndi Loweruka. Utsi wake unali wonunkhira bwino, mwina Stipe anaumva ku tauni.

Kukhitchini tsopano kukuwala kwambiri. Dzuwa la m'mawa likulowa mpaka pa sinki, ndipo ndaona kuti makoma ndi akuda. Mpando ndausuntha kangapo, sindikupeza pokhala.

Pali chinthu chimene sindinakuuze. M'Malichi muja, maapozi omaliza a mtengowo sindinagulitse. Ndinawasenda, ndinawaphika ndi shuga, nkuwatsekera m'mabotolo a mayi ako, mmene ndinkamuonera akuchitira. Ali m'kabati ya pansi pa masitepe. Ndi ochepa. Dzulo ndinayamba kufunafuna bokosi loti ndikutumizire, ndikuti chophikidwa sichingadwalitse mtengo. Kenako ndinakhala pansi. Unati ndisatumizenso kanthu kochokera m'munda uno, ndipo sinditumiza.

Ndiye zili kwa iwe. Mukamaliza kuthyola, nthawi yozizira, ndege zimauluka. Chipinda chako chilipo, ndichotsamo makatoni. Nsapato mudzasiye kuno pobwerera, ndidzakugulirani zina, a Assunta asadzakomoke. Mwanayo anafunsa kuti apozi wa agogo ake amakoma bwanji, ndipo iwe unalephera kumuyankha. Yankho lili pansi pa masitepe, koma silingawoloke nyanja.

Botolo limodzi ndinatsegula kuti ndilawe. Shuga ndinachulutsa, koma kuwawasa kuja kukumvekabe, kenako kukhosi. Ndinadya nditaima pa sinki, ndipo sindinalimalize. Otsalawo sinditsegula ndekha.

Tata wako,
Frane